Dzina Pansi pa Tsamba

Kalata inabwera Lolemba m'mawa, ndipo pofika nthawi ya tiyi aliyense m'labu muja anali ataiwerenga katatu. Kampani yagulidwa. Labu ya ku Barking itsekedwa kumapeto kwa Juni, chaka chomwecho cha 2007. Mwa anthu makumi asanu ndi limodzi ogwira ntchito ya kafukufuku, eni atsopano atengako khumi ndi awiri okha kupita nawo ku labu yawo. Otsalawo zikomo kwambiri, muyende bwino.

Nanga khumi ndi awiriwo awasankha bwanji? Apa m'pamene panagona nkhani. Kampani ija inali chimkampani, ya penti, mapulasitiki, mankhwala a m'mafakitale ndi zina zoti pozitchula lilime limapindika, ndipo kafukufuku wake inkamunyadira ngati mwana woyamba. Chaka ndi chaka inkasindikiza kabuku konyezimira kondandalika mapepala onse a sayansi amene anthu ake afalitsa, ndi mapatenti onse, zikalata zija zonena kuti chinthu ichi anatulukira ndi uje, wina asayerekeze kubera. Tsono eni atsopanowo anati, ife sitikudziwani, tingowerenga. Aliyense anapatsidwa fomu ya mabokosi awiri. Loyamba: mapepala okhala ndi dzina lanu ndi angati? Lachiwiri: mapatenti ndi angati? Basi, nkhani yathera pomwepo. Mafomu abwezedwe pasanathe masabata awiri.

Effie Chikuse anakhala pa kampando ka pa benchi yake, fomu ili pamiyendo, ali duu. Anzake anali kalikiliki kuwerenga ndi zala, uyu seveni, uyo fifitini. Iye anali atagwira ntchito m'labu imeneyo zaka khumi ndi chimodzi. Pa benchi yomwe anakhalapoyo panatuluka mapepala asanu ndi anayi ndi mapatenti atatu. Dzina lake silinali paliponse, ngakhale pa limodzi.

Musaganize kuti anali waulesi kapena mbuli, ayi. Effie anaphunzira kemisitiri ku Zomba, anaphunzitsa ana a sekondale ku Dedza zaka khumi, kenako n'kubwera ku England kudzawonjezera sukulu. Mu 1996 kampani inamulemba kuti azithandiza a Dokotala Ashby, mzungu wamtali wowerama, katswiri wa penti woteteza chitsulo ku dzimbiri. Ntchito ya Effie inali yotenga tizitsulo tosalala tokula ngati chikhatho, kutipaka penti woyesayo, kutikanda ndi mpeni kuti pakhale bala, n'kutitsekera m'kabati yopemerera nkhungu ya mchere usana ndi usiku. Pakatha masabata ankatitulutsa n'kuyeza kuti dzimbiri layenda mamilimita angati kuchokera pabalapo. Ntchito yotopetsa, yonunkha, yong'amba manja. Koma Effie ankaikonda, ndipo ankaidziwa kuposa aliyense m'nyumba monsemo.

M'nyengo yozizira ya 1999 kachitsulo kamodzi kanatuluka m'kabati kali mbee, anzake onse ali psuu ndi dzimbiri. A Ashby anakatembenuza kawiri n'kunena kuti penapake palakwika, katayidwe. Effie sanakataye. Iye ankakumbukira kuti tsiku lopanga penti ameneyo kunazizira koopsa, ufa wina unkakana kusungunuka, ndiye anayamba watenthetsa msakanizowo asanathire zotsalazo. Anabwereza. Anabwerezanso. Miyezi inayi ali pa chinthu chimodzi, akusintha kutentha pang'onopang'ono, mpaka anaika tizitsulo makumi anayi patebulo pa a Ashby, tonse mbee. Penti ameneyo ndi amene anadzapakidwa pa milatho ndi pa sitima zapamadzi, ndipo mapepala ndi mapatenti aja anabadwira pomwepo.

A Ashby tisawanamizire, sanali wakuba. Anafunsa. Linali tsiku lina pa tiyi, pepala loyamba litatsala pang'ono kutumizidwa.

"Effie, pepala ili tiikepo dzina lako?"

Tsono Effie analeredwa bwino, ndipo limenelo ndilo linali tsoka lake. Bambo ake anali mkulu wa mpingo ku Linthipe, munthu woti mwana akalandira chinthu mothamanga ankangomuyang'ana mpaka mwanayo kuchibweza yekha. Kwathu wamkulu akakupatsa ulemu suchita kuulumphira ngati unkaudikira. Umati, "Aaa, ayi, ine ndangothandizako." Iye amati, "Ayi ndithu." Iwe n'kukananso pang'ono, maso pansi. Akanena kachitatu m'pamene umalandira ndi manja awiri. Ndi mwana wa sitandade wani yemwe amadziwa zimenezi.

"Aaa, ayi," anatero Effie, mtima ukugunda ndi chimwemwe. "Ine ndangothandizako."

"Chabwino, ngati ndi mmene ukufunira," anatero a Ashby, n'kuviika bisiketi mu tiyi.

Abale, bisiketi! Effie anadikira kachiwiri kaja. Anadikira masana amenewo, anadikira mawa lake, anadikira mpaka pepala linatuluka ndi dzina la a Ashby ndi la bwana wina wa m'mwamba amene kabati ya mchere sanaionepo n'komwe. Sankadziwa kuti kwa a Ashby kukakamiza munthu amene wakana ndi mwano waukulu. Ndipo mbiri inawanda m'labu monse kuti Effie sakonda kutchulidwa. Pepala lachiwiri sanamufunse n'komwe, poopa kumuvutitsa. Mayi wina wa ku ofesi anachita kumuimika pamasitepe kumuuza kuti anthu odzichepetsa ngati iye akusowa masiku ano. Effie anamwetulira, mkati mukuwira. Akanayamba bwanji? Akanagogoda pachitseko cha munthu wamkulu n'kunena kuti paja ndinakana chabe, koma ndinkafuna? Chaka chilichonse ankati chaka chamawa ndilankhula, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho.

Lolemba lomwelo atafika kunyumba anapeza amuna ake, a Biswick, akusita malaya a kuntchito. A Biswick ankayendetsa basi, ndipo pakamwa pawo panalibe buleki. Effie anaika fomu ija pa thabwa lositira. Iwo anaiwerenga, simbi ili m'mwamba.

"Ndiye mulemba zingati, amake Wezzie?"

"Palibe."

"Bokosi liti?"

"Onse awiri."

"Ziro ziro? Zaka leveni? Asa!" Anaimika simbi ija mwamphamvu. "Ine ndinanena. Sindinanene ine? Kuno ndi ku London, munthu akakufunsa kamodzi ndi komaliza komweko. Ine ndikaima pasiteji n'kutsegula chitseko, wina n'kunena kuti ayi pitani, mukuganiza kuti ndimatsika kukamunyengerera? Ndimatseka, ulendo."

"Bambo a Wezzie, chonde, mutu ukundiwawa kale."

"Ulemu wa ku Linthipe uja ndi uwu lero wabala ziro." Anatembenuza malaya, kenako mawu anafewa, poti munthuyo mtima anali nawo. "Koma musadandaule kwambiri. Justina wa kutchalitchi uja amanena tsiku ndi tsiku kuti kuntchito kwawo kuja akusowa anthu. Ntchito ya keya, yosamalira okalamba ija, siitha m'dziko muno. Mashifti alipo, mungochita kusankha."

"Ine ndine wa sayansi."

"Ndani wakana? Koma fomuyi ikuti chiyani?"

Effie analowa kuchipinda n'kukhala pabedi jasi ili m'thupi. Ankachita mantha, mantha enieni. Sikuti ankanyoza ntchito yosamalira okalamba. Theka la amayi a kutchalitchi kwawo ankagwira yomweyo, ndipo ena anali ndi madigiri oposa yake. Koma iye anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Akatuluka m'labu imeneyo wopanda pepala ngakhale limodzi, palibe labu ina m'dziko lonselo imene ikanamutsegulira chitseko, zimenezo ankazidziwa bwino. Chinthu chimodzi chokha chimene ankachidziwa kuposa anthu ena chikanathera pomwepo. Ankafuna kukhala mmodzi wa khumi ndi awiri aja, ankafunitsitsa mpaka manyazi kumugwira.

A Biswick anasuzumira pachitseko. "Bwanji osapita kwa madala ajawo akakulembereni kalata? Anene okha kuti ntchitoyo inali yanu."

Zoona, pansi pa thambo panali munthu mmodzi yekha wodziwa zonse. Vuto linali lakuti a Ashby anagwa ndi sitiroko chaka chathacho, miyezi iwiri atangopuma pantchito, ndipo ankasungidwa kunyumba ina ya okalamba ku Ilford. Kumeneko n'kumene Justina uja ankagwira ntchito ya unamwino, mayi wa ku Ntcheu wopemphera limodzi ndi Effie. Effie anali asanapiteko n'kamodzi komwe. Ankati alibe nthawi, koma zoona zake n'zakuti ankawasungira chakukhosi madalawo.

Loweruka m'mawa anataipa kalata yaifupi, ya mizere isanu ndi umodzi, yongofuna siginecha. Anagula mphesa pa msika wa ku Barking, n'kukwera basi.

Justina anamulandira pakhomo. "Achemwali, mwabwera ndithu? Koma ndikuuzirenitu, si aja munkawadziwa."

Anawapeza pa mpando wa matayala pafupi ndi zenera, atawamanga kansalu pakhosi ngati khanda. Munthu wamtali uja anali atafota, phewa lakumanja litagwa, dzanja lili lende. Koma atamuona Effie maso anawala, ndipo mbali imodzi ya pakamwa inayesa kumwetulira. Effie anakoka mpando, anawapatsa moni, anawauza za kutsekedwa kwa labu, za fomu ya mabokosi awiri. Iwo ankangomuyang'ana. Kenako Effie ananena zimene zinamukanika kwa zaka zisanu ndi zitatu.

"Dokotala, tsiku lija munandifunsa za dzina langa, ndinakana, koma ndinkafuna. Ndinkadikira kuti mufunsenso. Penti uja ndinatulukira ndine. Mukukumbukira? Tizitsulo makumi anayi tija?"

"Inde," anatero a Ashby, momveka bwino.

Mtima wa Effie unadumpha. "Mukuvomera kuti ntchitoyo inali yanga?"

"Inde. Inde."

Anatembenukira kwa Justina, akutsegula chikwama. "Mwamva nokha! Mwamvatu, eti? Mundithandize kuwagwiritsa cholembera kumanzereku."

Justina sanasunthe. Anangopumira m'mwamba, n'kuwerama pafupi ndi khutu la madalawo. "Agogo, kodi lero ndi Khirisimasi?"

"Inde."

"Ndipo ine ndine mkazi wanu?"

"Inde."

"Ndi mawu okhawo anawatsalira, achemwali," anatero Justina m'Chichewa, chapansipansi. "Ukafunsa ngati akhuta, inde. Ukafunsa ngati ali ndi njala, inde. Mwina mkatimo akumva zonse, mwina ayi, ndi madokotala omwe sakudziwa. Ine ndikalola kuti asaine pepala muno, mawa ntchito yandithera, ndipo pepalalo palibe amene angaliwerengere. Pepani kwambiri."

Effie anayang'ana kalata ili m'manja mwake. Anabwera ndi mkwiyo wa zaka zonsezo, koma akanaukhuthulira ndani? A Ashby ankamuyang'anabe, ndipo misozi inayamba kutsika mbali imodzi ya nkhope, n'kumasakanikirana ndi dovu pachibwano. Kaya ankalira za Effie, kaya za mphesa zimene sakanatha kutafuna, Mulungu yekha ndiye adziwa. Effie anatenga kansalu kaja n'kuwapukuta. Anakhala nawo mpaka nthawi ya nkhomaliro, akuwauza za anthu a m'labu, iwo akungoti inde.

Ali m'basi pobwerera, pamene ankapinda kalata yopanda ntchito ija, m'pamene anakumbukira mabuku. Mayo, mabuku! Ku kampani ija chilichonse choyesedwa chinkalembedwa tsiku lomwelo m'mabuku akuda a zikuto zolimba, masamba ake a manambala, osaloledwa kung'amba ngakhale limodzi. A Ashby kulemba ankadana nako, ndipo zolemba zawo zinkaoneka ngati nkhuku yapalasa. Kuyambira sabata yoyamba anamukankhira buku Effie n'kuti, uzilemba ndiwe. Lachisanu lililonse masana ankabwera kudzasaina masamba a sabata yonse pa mzere wa mwini ntchito, mothamanga, osawerenga. Pansi pake panali mzere wina, ndipo apo ankasaina Effie. Mabuku makumi atatu ndi limodzi, onse dzanja lake, tsamba lililonse dzina lake ndi deti. Ndi tsiku lozizira lija lomwe linali mmenemo, ndi mawu ake enieni: ndatenthetsa kaye. Effie anachita kuseka yekha m'basimo mpaka mayi wa pambali pake anasendera kutali.

Lolemba anabweza fomu ali atalemba ziro ziwiri, koma anamatapo kalata yopempha kuti amumve kaye. Anamupatsa Lachinayi, teni koloko. A Biswick anamusitira bulauzi yoyera okha, akumulangiza ngati wopita ku nkhondo. "Mukakalowa mmenemo za maso pansi zija muzisiye panja. Mukangoti ayi ndangothandizako, ine musandipeze pano."

Anakatenga mabuku onse kosungira, n'kuwakweza pa kangolo kokankha, n'kukwera nawo chikepe mpaka pamwamba. M'chipindamo munali anthu awiri: bambo wina wa eni atsopano, amene maso ake sankachoka pa wotchi, ndi loya wa kampani, mayi waimvi wotchedwa Joyce. Effie analankhula ataimirira. Sanayang'ane pansi ngakhale kamodzi. Anafotokoza za kabati, za ufa wokana kusungunuka, za miyezi inayi, n'kutsegula buku lachisanu ndi chinayi pa tsamba lenilenilo. Moyo wake wonse anali asanadzilankhulirepo choncho, ndipo anamva kukoma.

Joyce anavala magalasi n'kuyamba kuvundukula. Anatenga buku lina, n'kutenganso lina. Nkhope yake inkasintha pang'onopang'ono. Kenako anapempha bambo uja kuti atuluke kaye, ndipo iye anatuluka mosangalala. Joyce anatseka chitseko yekha.

"Mayi Chikuse, khalani pansi. Zolemba zonsezi ndi dzanja lanu?"

"Zonse."

"Ndipo siginecha ya m'munsiyi ndi yanu, tsamba lililonse?"

"Lililonse. Masamba oposa zikwi zitatu," anatero Effie monyadira.

"Tandiwerengereni mawu ali pamwamba pa mzerewo."

Effie sanafunikire kuyang'ana. "Mboni. Ndawerenga ndipo ndamvetsa."

"Anakuuzanipo kuti mboni imakhala ndani?"

"A Ashby anangoti saina apa. Anati kukasaka munthu m'zipinda zina n'kutaya nthawi."

Joyce anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Analankhula mofatsa, ngati namwino wouza munthu zotsatira za magazi. Malamulo a kampani, anatero, amati mboni ikhale munthu woizindikira ntchitoyo koma wosaigwira nawo, ndipo n'chifukwa chake ena onse ankakaitana munthu wa benchi ina. Effie anali kuwaona akuchita zimenezo zaka zonsezi, koma ankangoti n'chifukwa alibe wowathandiza wodalirika ngati iye. Aliyense wosaina pa mzere umenewo, anapitiriza Joyce, amakhala akunena kuti ntchito iyi si yanga, ndangoona.

"Ndiye kuti mwanena zimenezo kazikwi zitatu, ndi dzanja lanu."

Effie anayang'ana siginecha zija, zoyera bwino, zopendekera kumanja monga anamuphunzitsira aphunzitsi a ku pulaimale. Lachisanu lililonse ankazisaina mosamala, akudzitonthoza kuti ngakhale m'kabuku konyezimira mulibe dzina langa, muno lilimo.

"Koma inu mukuona nokha," anatero Effie. "Mukuona kuti ndinachita ndine."

"Ndikuona. Ine pandekha ndikukhulupirira. Koma poti mwabweretsa nkhaniyi, ndiyenera kulemba yankho lanu lero, ndipo mayankho alipo awiri okha. Ndikuuzani zonse kuti musadzati sindinanene."

Ndipo anamuuza. Akanena kuti ntchito anagwira ndiye, ndiye kuti masamba onsewo alibe mboni, ndipo mapatenti atatu aja ali ndi dzina losowa, zimene makampani opikisana nawo akhoza kukwera nazo kukhoti mawa lomwe. Kampani idzadziteteza. Idzanena kuti a Ashby ananama polumbira kuti anatulukira okha, kapena kuti wonama ndi Effie, mwinanso onse awiri. Effie adzaimitsidwa ntchito sabata yomweyo chifukwa chosaina zabodza, ndipo eni atsopano sangatenge munthu amene wagwedeza chinthu chomwe iwo anagulira kampaniyo. Akanena kuti anali mboni chabe, adzagwira ntchito mpaka Juni, adzachoka ndi kalata yabwino yomuyamikira kuti ndi wothandiza wokhulupirika, ndipo fomu yake idzakhala mmene ilili.

"Ndiye kuti uku sindipita, ukunso sindipita."

"Pa khumi ndi awiri paja, ayi. Njira zonse ziwiri, ayi."

"Palibe yachitatu?"

"Ndakhala ndikuifuna muja mumalankhulamu. Mukhoza kukaonana ndi loya wanu, ndi ufulu wanu, ndipo ndingakupatseni masiku. Koma adzatsegula mabuku omwewa, ndipo munthu mmodzi amene akanakuikirani kumbuyo mukudziwa mmene alili."

Effie anafuna kukuwa. Anafuna kunyamula buku lachisanu ndi chinayi lija n'kuthawa nalo pamasitepe mpaka ku siteshoni. Anafuna kuti pakhale munthu woipa m'chipindamo, woti amuloze chala n'kumutukwana m'Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Koma panali mayi waimvi yekha, wa maso achisoni, akumukankhira kapu ya madzi. Analingalira za a Ashby ndi kansalu kawo pakhosi, maloya atawazungulira n'kumawafunsa ngati ananama, iwo n'kumati inde. Analingalira za kutulutsidwa pageti ndi alonda, anthu a m'labu ali pamazenera. Mphamvu zonse zimene anabwera nazo m'mawa uja zinangotha phwa, ngati mpira wobooka.

"Mayi Chikuse," anatero Joyce, zala zili pa kompyuta. "Pa ntchito yolembedwa m'mabuku awa, inu munali ndani?"

Effie anatseka buku lachisanu ndi chinayi lija.

"Ndinali mboni."

Joyce anataipa. Sizinatenge nthawi, inali mizere inayi yokha. Makina anatulutsa pepala likadali lofunda, ndipo iye analiika pamaso pa Effie ndi cholembera pambali. Linkanena kuti ine, Effie Chikuse, ndikutsimikiza kuti pa kafukufuku yense wolembedwa m'mabuku akutiakuti sindinatulukire kanthu, ndinkangolemba zondiuza ndi kuikira umboni. M'munsi munali mizere iwiri. Dzanja la Effie linapita lokha pa mzere wapansi, mwachizolowezi.

"Ayi, pamwambapo," anatero Joyce. "Mwini wake ndinu."

Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi chimodzi, Effie anasaina pa mzere wa pamwamba. Joyce anatsegula chitseko n'kuitana mlembi wake, mtsikana wotchedwa Betty, amene analowa akutafuna chingamu, n'kusaina pa mzere wa mboni osawerenga ngakhale liwu limodzi, n'kutuluka.

Effie anaimirira n'kuyamba kusanja mabuku kuti awabweze pa kangolo.

"Asiyeni," anatero Joyce. "Kuyambira lero azikhala kuno."

Anakankha kangolo kopanda kanthu mpaka pa chikepe. Foni inali ikunjenjemera m'thumba la jasi, a Biswick akufuna kumva mmene zayendera, ndipo iye anangoisiya ikulira.